Mabowo Asanu

Okutobala akamatha kuno ku Kajaani
mdima umafika anthu asanaweruke.
Ndaimika Volvo ya mayi pakhomo pa galaja ya Veikko,
injini ikutsokomola ngati munthu wodzutsidwa pakati pa tulo.

Veikko sayamba ndi moni. Amayamba ndi galimoto.
Wagwada, wavula gulovu ndi mano,
chala chake chikuyenda m'mbali mwa tayala pang'onopang'ono.
"Ming'alu iyi waiona? Mphira wauma ngati buledi wa dzana.
Misomali yaguluka, yatsala yongowerengeka.
Mano atha. Pa ayezi ili lingokuvinitsa."
Kenaka wapukuta matope ndi chala chachikulu,
manambala anayi atulukira: 4309.
"Sabata ya makumi anayi ndi zitatu, chaka cha 2009.
Ndi pomwe linabadwa."

Sindinayankhe.
Sabata imeneyo ndimaidziwa bwino.
Tinaika bambo, nthaka itayamba kale kulimba,
fosholo ikulira ngati yagunda mwala.
Ndiye kuti misozi isanaume
mayi anabwera pano n'kugula anayi atsopano,
poti ku Sotkamo ndi ku Paltamo ana sanaleke kubadwa,
ndipo namwino woyendera makanda
sadikira kuti chisanu chisungunuke.

Aatu, mwana wa Veikko, watulukira akugudubuza limu lonyezimira,
lalikulu, mainchesi khumi ndi asanu ndi awiri.
"Valikani awa, agogowa abwerera ku unyamata!"
Ndisaname, mtima wanga unadumpha.
Ndinadziona ndikudutsa pa mlatho, anthu akucheuka.
Tinaliyesa. Mabowo asanu anagwirizana, inde,
koma titakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto
linakhula chitsulo cha m'kati, khwee,
galimoto n'kuoneka ngati wavala nsapato zobwereka pa ukwati.

Veikko sanaseke. Anangoti,
"Lotambalala limayandama pa phala la chipale.
Lowonda limadula ngati mpeni, n'kukapeza msewu pansi.
Iyi inabadwira mainchesi khumi ndi anayi. Isiyeni momwemo."

Tinazungulira kuseri, tochi m'manja,
komwe malimu achitsulo agonerana ngati mbale zosatsuka.
Loyamba dzimbiri linalidya pakamwa.
Lachiwiri linaoneka la bwinobwino,
koma pa makina linadzandira ngati chidakwa cha Loweruka.
Tinafukula, zala zikufa ndi kuzizira,
mpaka tinapeza anayi owongoka:
atatu akuda, limodzi lotuwa.
Aatu akuti lotuwalo tilipake utoto.
Ndati ayi. Mayi nawonso sokosi zawo sizinkafanana.

Funso lomaliza: a misomali kapena opanda?
Opanda misomali sasokosa, ndi abwino m'tauni.
Koma ine ndinakula ndi phokoso limenelo,
tchetchetche pa phula, usiku, kunja kwa zenera,
ndimvekere, abwera, tsopano ndigone.
Ndalipira a misomali.
Mtengo wake waposa wa galimoto yonse,
ndipo Veikko, polemba lisiti, sanandiyang'ane kumaso.

Akale aja amapita ku mulu, ndi lamulo la pano.
Ndapempha limodzi.
"Osaliyendera," watero. "Ngakhale ngati sipeya."
Ndalonjeza. Laikidwa m'buti, pambali pa jeke
ndi kabulangete kabuluu komwe palibe anakachotsamo.

"Ukayenda makilomita makumi asanu, ubwerenso.
Manati amamasuka poyamba, timamanganso.
Chilichonse chatsopano chimafuna kuchibwerera."

Ndatuluka pa geti. Chipale chayamba kugwa, chopyapyala.
Pa mphambano ya kuchipatala ndaponda buleki mwadala, mwamphamvu,
kuti ndimve.
Yaima pomwepo, njii.
Kumbuyo tayala lakale lagubuduka kamodzi
n'kukhala chete.